Chaka Chimene Amuna Anga Anayang'ana Apongozi Awo Kumaso

Amayi anandiitanira kuseri kwa khitchini yawo m'mawa wa Loweruka lina, nthawi ya nandolo wouma, mawu ali pansipansi ngati munthu wobwera ndi uthenga wa maliro.

"Iwe, amuna ako andiona."

Ndinaseka. "Akuonani kuti, amayi? Kubafa?"

"Usandiseke, ndine mayi wako. Andiyang'ana kumaso. Pompano, ndikutuluka ndi lichero. Maso awo gwa! pa ine."

Kuseka kunathera pomwepo.

Ana a masiku ano sangamvetse chimene chinandiumitsa pakamwa. Kwathu kuno kwa Malemia mwamuna ndiye amabwera kudzakhala kwa mkazi, ndipo mkamwini wolangika sayang'ana mayi wa mkazi wake kumaso. Akakumana panjira amapatuka, n'kunjuta cham'mbali, moni n'kumapatsana nkhope zitaloza kwina. Ambiri anazisiya kalekale. Pali akamwini pano odyera mbale imodzi ndi apongozi awo, ena mpaka kujambulitsa nawo pa foni atakolekana mikono. Koma amuna anga, telala wochokera ku Phalombe, anabwera ndi mwambowu wathunthu ndipo anausunga zaka makumi awiri ndi zinayi. Nyumba yathu ndi ya amayi n'zoyang'anizana, bwalo ndi limodzi, mjigo ndi umodzi, koma amayi akangotulukira, khosi la amuna anga linkapotoka nthawi yomweyo, amayi nawonso maso pansi. Nkhani ankakambirana bwinobwino, ya feteleza, ya denga lodontha, koma wina ali kuseri kwa chipupa. Amayi ankanyadira zimenezi koopsa. Akakhala ndi anzawo ankati, "Inu muli ndi akamwini a pa foni, wanga ndi wa kale."

Tsiku limenelo ndinawaziziritsa mtima. Ndinati mwina anangodzidzimuka, mwina ankayesa kuti ndi mbuzi ikubwera kudzadya nandolo. Koma Lachiwiri zinachitikanso, ine ndili pomwepo ndikutsuka mbale. Amayi anatulukira pakona ya nkhokwe, ndipo ndinaona ndi maso angawa: maso a amuna anga analumphira pankhope ya amayi, kenaka iwo n'kupotoza khosi mothamanga ngati munthu woponda khala la moto. Kanali kanthawi kochepa, kuphethira kumodzi. Koma amayi anaona, ndipo ine ndinaona kuti aona.

Madzulo ake, titatha kudya, ndinafunsa amuna anga.

"Abambo, kodi amayi akulakwirani chiyani?"

"Palibe."

"Nanga mukuwayang'aniranji?"

Anayamba kukulunga kaulusi pachala. Kenaka anati, "Mayi, sindikudziwa. Amangopita okha."

"Ndani?"

"Masowa."

"Ha! Maso ali ndi miyendo tsopano? Akumakwera kabaza?"

Ine ndagwira ntchito mu ofesi ya sukulu zaka zambiri. Ndaona makalata abodza a kuchipatala, ndalandirapo uthenga wa maliro a agogo amodzi omwewo katatu. Ndinkadzitama kuti bodza ndimalinunkhiza lisanalowe pakhomo. Ndiye munthu wamkulu kundiuza kuti maso amangopita okha, ndinaona ngati akundiyesa mwana wa sitandade wani.

Amayi anali ndi kuwerenga kwawo. Anati munthu akayamba kuyang'anitsitsa nkhalamba, ndiye kuti kwinakwake amuuza kuti nkhalambayo ndi mfiti. Ntchito ya amuna anga inali italowadi pansi miyezi imeneyo, ndiye amayi analumikiza: wapita kwa asing'anga, amuuza kuti amene wamanga makina ake ndi apongozi, tsopano akuwayeza ndi maso. Anasiya kutitumizira ndiwo. Akamatuluka m'nyumba ankayamba asuzumira pawindo, pakhomo pawo pomwe, pamalo pamene anabadwira.

Ine za ufitizo sindinazitenge. Ndinali ndi zanga. Mkamwini ndi mlamba, sachedwa kuterereka, ndipo mwamuna wofatsa akafuna kuchoka sanena kuti ndikupita. Amayamba timwano ting'onoting'ono, lero aka, mawa aka, mpaka eni mudzi atatopa n'kunena okha kuti bambo, dzipitani. Iye n'kunyamuka manja ali oyera, kwawo n'kukanena kuti anandithamangitsa. Ndinaziona kawiri m'mudzi mwathu momwemo, ndipo kawiri konseko kumapeto kwake kunapezeka mkazi wina. Ndiye ndinati, chabwino, ndimupeze mkaziyo.

Munthu ukayamba kufufuza umboni, umabwera wokha. Kutchalitchi ku Mishoni amuna anga ndinkawasuzumira kumbali ya azibambo: aliyense wolowa mochedwa, maso awo cheu! kuchitseko. Ndinati akudikira wina. Ndikamawayankhula, maso ankandichoka n'kupita kwina, n'kubwerera, n'kuchokanso. Ndinati chikumbumtima chikuwavuta. Anthu anayamba kubweza zovala. Mayi wina wa kuntchito kwathu anandionetsa siketi ya yunifolomu ya mwana wake, msoko utayenda bwinobwino kenaka n'kukhota ngati njira ya munthu woledzera. Amuna anga anali telala woti mpendero wake sumafunika kuuyeza. Ndinati maganizo ali kwina, ndipo ndikudziwa kumene ali.

Tsiku lina ndinanama ku ofesi kuti dzino likundiwawa, ine yemwe wonunkhiza mabodza a anzanga, n'kukwera minibasi kupita kumsika wa Naisi. Amuna anga ankasokera pakhonde la golosale ina, moyang'ana msewu. Ndinakhala tsidya lina, kuseri kwa mulu wa matumba a makala, nditafunda chitenje kumutu dzuwa likuswa mtengo. Ndinakhala pamenepo pafupifupi maola awiri, nyerere zikundiluma m'miyendo.

Ankapondaponda makina, mutu uli pansi, kenaka mutu dzuku! Minibasi yadutsa. Mutu pansi. Dzuku! Njinga yamoto. Mbuzi ikuwoloka msewu, dzuku. Jumbo yakuda ikuuluka ndi mphepo, dzuku. Ndipo chapafupi ndi pamene ndinabisala panali mayi wogulitsa tomato, wojintcha bwino, wovala bulauzi yofiira, amene ankaingitsa ntchentche ndi kansanza. Akangokupiza kansanzako, maso a amuna anga anali pomwepo. Akupize, maso pomwepo. Mbuzi ndinaiona, jumbo ndinaiona, koma sindinaziwerengere. Ndinawerenga bulauzi yofiira basi. Ndinati eee, ndiye chizindikiro chawo chimenechi, kansanza!

Ndinadzuka, chitenje ndinamanga m'chiuno, n'kupita pa tomatopo.

"Mulu ndi zingati, asisi?"

Anandiuza mtengo, akumwetulira.

"Nanga amuna a eni mukugulitsa zingati?"

Mayiyo anangoti kukamwa yasa. Ndinamulalatira zambiri zimene sindingazilembe pano, anthu n'kuyamba kusonkhana. Iye anangofunsa mnzake wa pambali kuti kodi mayiwa ali bwinobwino. Mayiyo amuna anga sankawadziwa n'komwe, kupatula kuti ndi atelala a tsidya lija. Mpaka lero ndikafika pa Naisi ndimatsika minibasi chapatsogolo, ndipo tomato ndimagula kwina.

Amuna anga anaona zonse ali pakhonde paja. Sanawoloke msewu. Kunyumba anangoti, "Mayi, mwadzichotsa ulemu pachabe." Ine ndinamva ngati akumuikira kumbuyo.

Chinaphulitsa nkhani ndi tsiku limene amayi anali pabwalo ndi anzawo atatu, akupuntha nandolo. Amuna anga anatuluka ndi njinga yawo. Amayi anadzuka mwadzidzidzi kuti aingitse nkhuku, ndipo maso aja analumphira pa iwo, pamaso pa anthu omwe aja amene ankauzidwa za mkamwini wa kale. Mmodzi wa iwo anatsokomola dala. Amayi analowa m'nyumba osatulukanso tsiku lonse, ndipo m'mawa mwake anatumiza uthenga kwa amalume, mlongo wawo, amene ndi nkhoswe ya banja lathu.

Tinakhala pansi Lamlungu masana, pansi pa mtengo wa mango. Mkulu wawo wa amuna anga anabwera kuchokera ku Phalombe. Amayi anakhala kuseri kwa mpanda wa udzu, mawu okha ndiwo ankamveka. Amalume ndi munthu wosakonda milandu, anayesa kuipeputsa. Anati, "Achemwali, paja akulu anati maso alibe uku n'kwa apongozi."

Kuseri kwa mpanda kunachokera yankho: "Zaka makumi awiri ndi zinayi maso amenewa akhala akudziwa kuti uku n'kwa apongozi. Aiwala liti? Awaiwalitsa ndani?"

Amalume anatembenukira kwa ine. Anandifunsa ine ngati ndili ndi mawu, ndipo ndinali nawo, Mulungu andikhululukire. Ndinanena za kutchalitchi, za misoko yokhota, za bulauzi yofiira. Ndinati ngati atopa nafe anene, asatizunze ndi maso. Mkulu wawo anawafunsa katatu kuti kodi pali mkazi, kodi munapita kwa asing'anga, ndipo katatu konse anati ayi. Atafunsidwa kuti nanga n'chiyani, anabwereza zomwe zija, kuti amangopita okha. Ngakhale mkulu wawoyo anapukusa mutu. Anawalamula kupepesa ndi nkhuku, ndipo anagwada moyang'ana mpanda n'kupepesa. Amalume anamaliza ndi mawu akuti zikachitikanso, ndiye kuti bambowa anena okha kuti pano pawakwana.

Kuyambira pamenepo anagula chipewa chachikulu cha mlaza n'kumachivala mpaka m'maso. Ankachoka m'mamawa amayi asanatsegule chitseko, pobwera ankazungulira kumunda wa chinangwa kuti alowere kuseri. Pakhonde anasiya kukhala. Munthu wina akanaona kuti uyu akuyesetsa. Ine ndinati akuzemba chifukwa akudziwa chimene akubisa.

Anapirira milungu itatu. Kenaka tsiku lina anakumana ndi amayi pamjigo, chipewa chili m'manja chifukwa ankasamba kumaso, ndipo zinachitikanso. Amayi sanakuwe. Anangobwera kwa ine n'kunena kuti, "Sankha, iwe. Ine pamudzi panga sindingamayende mozemba."

Chikwama ndinalongedza ndekha. Malaya awo, mathalauza, Baibulo lawo, lumo lawo lakale, zonse ndinapinda bwinobwino n'kuchiika pafupi ndi chitseko. Ndinati amalize mayunifolomu amene analandira kale, mwezi ukatha azipita kwa wa tomato wawoyo kapena ku Phalombe, asankhe okha. Anachiyang'ana chikwamacho, n'kukhala pampando, osanena kanthu. Ndinapsa mtima kwambiri chifukwa cha kusayankhako. Ndinkafuna akane, akalipe, andigwire mkono. Mumtima ndinkawakondabe, ndipo zimenezo ndizo zinkandiwawitsa mutu.

Kutatsala masiku asanu kuti mwezi uthe, ndinalandira foni ku ofesi kuchokera kwa mwini golosale uja. Singano ya makina inali italowa pachala cha amuna anga, kuboola chikhadabo n'kuthyokera momwemo. Lole ina inadutsa, iwo anadzutsa maso, phazi likupondabe. Ndinapita, osati chifukwa cha chisoni, koma kuopa kuti anthu anganene kuti mkazi wake anamutaya ngati galu.

Kuchipatala cha m'tauni anachotsa kachidutswako n'kumanga bala. Namwino atawayeza kuthamanga kwa magazi anayezanso kachiwiri, n'kusintha mkono, n'kufunsa ngati amamwa mankhwala a bipi. Amuna anga anali asanayezetsepo chibadwire. Anatilowetsa kwa adokotala, mayi wachitsikana woti akanatha kukhala mwana wanga. M'chipindamo munali katani imene inkagwedezeka ndi mphepo, ndipo panja pa windo pankadutsa anthu. Adokotala ankafunsa mafunso, koma ndinaona kuti asiya kulemba, akungoyang'ana amuna anga.

"Bambo, maso anuwa akhala akuchita chonchi kuyambira liti?"

Ndinayankha ndine. "Afunseni bwino, adokotala. Ife atiuza kuti amangopita okha."

Sanaseke. Anatseka windo, n'kuwawerengetsa zilembo za pakhoma, ndipo anawerenga mpaka zing'onozing'ono. Kenaka anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nawo, atatambasula manja uku ndi uku, zibakera zili zofumbata.

"Yang'anani mphuno yanga. Chala chikagwedera, yang'anani chalacho."

Chala cha kumanja chinagwedera, maso anapita. Cha kumanzere, maso anapita. Ndinati mumtima, pamenepa ndiye akatswiri.

"Tsopano tisinthe. Chala chikagwedera mbali iyi, inu musachiyang'ane. Yang'anani mbali inayo. Mwamva?"

"Ndamva."

"Tabwerezani zimene ndanena."

Anabwereza bwinobwino. Chala chinagwedera kumanja, ndipo maso a amuna anga analumphira kumanja komweko, kenaka n'kuthawira kumanzere. Iwo anati, "Aa!" Chinagwedera kumanzere, maso kumanzere, kenaka n'kubwerera. "Aa, pepani." Anayesa kambirimbiri. Thukuta linayamba kutsika m'khosi, dzanja labwino lija litagwira mwendo wa mpando zolimba. Mwina anakhoza kamodzi kapena kawiri.

Ine kulumpha kuja ndi kubweza kuja ndinkakudziwa. Ndi zomwe ndinaona pakona ya nkhokwe.

Adokotala anatifotokozera pang'onopang'ono. Anati masowo ndi abwinobwino, vuto lili kwa amene amawayendetsa. Mkati mwa ubongo, chapansi, muli kachigawo kamene kamathamangitsira maso ku chilichonse chimene chagwedera kapena kutulukira mwadzidzidzi. Sikafunsa, sikadikira, ndipo n'kofunika, chifukwa ndi kamene kamakuonetsa njinga isanakugunde. Ndiye kutsogolo, kuseri kwa chipumi, kuli chigawo china chimene chimaletsa, chimene chimati ayi, zisiye izo, yang'ana pa singano. Anati zili ngati mbuzi ndi chingwe: mbuzi ikaona tsamba imathamangira, chingwe ndicho chimaibweza. Kuti munthu ayang'ane kumbali chinthu chitangotulukira, pamafunika ntchito ziwiri, kugwira maso kuti asalumphe, kenaka kuwatumiza kwina. Mwa amuna anga ntchito yachiwiriyo inalipo, koma yoyambayo inali itafooka. Ankaganiza kuti kuthamanga kwa magazi kwa nthawi yaitali kunawononga timitsempha ting'onoting'ono ta kutsogoloko, timasitiroko tosagwetsa munthu pansi, ngakhale anati kuti atsimikize pafunika kukajambula mutu ku Blantyre.

Ndinafunsa funso limene linali pakhosi. "Adokotala, munthu sangachite dala zimenezi?"

Anandiyang'ana kanthawi. "Mayi, mwaona mmene akubwezera? Maso akangofika pachala, nthawi yomweyo akuthawa. Akudziwa kumene akufuna kuyang'ana. Akungochedwa kuwagwira." Kenaka anafunsa chifukwa chimene ndafunsira choncho, ndipo ndinawauza za amayi, mwachidule, za tomato ndinasiya. Anaika cholembera pansi. "Ndiye kuti bambowa akhala akulemba mayeso angawa tsiku lililonse kwa zaka zonsezi, n'kumakhoza."

Musaganize kuti ndinagwa pansi n'kulira. Mtima wokayikira suchoka tsiku limodzi. Mu minibasi pobwerera ndinkaganizabe kuti kaya, mwina mtsikanayu wangowamvera chisoni, mwina bambowa anamvapo kwina za mayesowa. Ndinkawasuzumira m'mbali. Kondakitala akakweza dzanja, maso pomwepo. Nthambi ikakwapula galasi, maso pomwepo. Panalibe amayi, panalibe bulauzi yofiira, panalibe woti amunamize. Ndipamene mbuzi ija ndi jumbo ija zinandibwerera m'mutu, ndipo ndinachita manyazi mpaka kumva kutentha m'makutu.

Amayi ndiye sanafune n'kumva komwe.

"Matenda osankha apongozi? Anayamba liti matenda amenewo?"

"Sasankha, amayi. Amayang'ana chilichonse, mbuzi, galimoto."

"Ndiye ine ndafanana ndi mbuzi? Iwe wanyengedwa. Mwamuna akafuna kukhala amagula ndi dokotala yemwe."

"Dzulo mumati akufuna kukutchulani ufiti, lero mukuti akufuna kukhala. Chenicheni n'chiti?"

"Usandiyankhe ngati uli ku ofesi kwako."

Tinakangana mpaka nkhuku zinathawa pabwalo. Kenaka ndinatambasula manja monga anachitira adokotala. Ndinati, "Chabwino, yesani inuyo." Anakana, anati ndi masewera a ana, koma amayi ndi munthu wosafuna kugonja. Chala kumanja, iwo kumanzere. Chala kumanzere, iwo kumanja. Kamodzi analakwitsa n'kutukwana chala changa, koma kwinako anakhoza konse, nkhalamba ya ng'ala m'diso limodzi.

"Basi? Chovuta n'chiyani pamenepa?"

"Ndiye bwerani muone mkamwini wanu akuchita zomwezi."

"Ine? Ndiyang'ane mkamwini kumaso? Wapenga?"

"Mukufuna kumuthamangitsa musanamuone?"

Mawu amenewo anawalasa. Anati nditulutse mpando.

Amuna anga anakana poyamba. Anati, "Mayi, musandichititse manyazi kawiri. Ndipita ndekha mwakachetechete." Ndinawakoka dzanja. Ndinawakhazika pampando pakati pa bwalo, dzuwa la masana lili ng'aa, n'kuwavula chipewa chija. Ine ndinagwada kutsogolo kwawo. Amayi anakhala pamphasa kumbuyo kwanga, kuti aziona kudzera paphewa langa. Ndinkamva mpweya wawo pakhosi panga.

"Yang'anani mphuno yanga, abambo. Chala chikagwedera, yang'anani kwinako."

Chala kumanja. Maso kumanja, n'kuthawa. "Pepani." Chala kumanzere. Maso kumanzere, n'kuthawa. "Pepani." Sindikudziwa kuti ankapepesa kwa ine kapena kwa amene anali kumbuyo kwanga. Mitsempha ya m'khosi inatupa ngati munthu wosenza thumba la chimanga, zonsezo kulimbana ndi chala changa chimodzi. Kachisanu kapena kachisanu ndi chimodzi misozi inatsika, iwo osaipukuta, akudikirabe chala china.

"Basi," anatero amayi. "Tsitsa manja."

Ndinatsitsa. Ndinacheuka, ndipo ndinapeza amayi akuyang'ana mkamwini wawo, osati mozemba, koma bwinobwino, kuyambira pachipumi mpaka kuchibwano. Masiku onse aja ankangoona maso n'kuthawitsa awo.

"Iwe," anandinong'oneza, koma tonse tinamva, "imvi zonsezi zinabwera liti?"

"Kalekale, amayi."

"Ine ndimadziwa kamnyamata kaja kanabwera kuno katasenza makina pamutu." Anapukusa mutu. "Kani munthuyu wakalambira pakhomo panga."

Anadzuka movutikira, atagwira bondo, n'kuima kutsogolo kwa mpando. Amuna anga anayesa kupotoza khosi.

"Ayi, apongozi, musavutike. Mwandiopa zokwanira. Mukandiona mwandiona, nkhope yanga si moto." Kenaka anatembenukira kwa ine, mawu atabwerera mwakale. "Ndipo iwe, wamva kuti munthuyu akudwala, ukumukhazikiranji padzuwa? Kauze amalume ako kuti nkhani ija yatha. Sapita kulikonse."

Ndinalowa m'nyumba mtima uli mbee, ngati ndine ndapulumutsa banja. Ndinakoka chikwama chija n'kuyamba kutulutsa malaya, ndikuyankhula zambirimbiri, za mankhwala, za ulendo wa ku Blantyre, zoti makina tiwabweretse kunyumba tiwaike moyang'ana khoma kuti asamasokonezedwe ndi za pamsewu. Amuna anga analowa n'kukhala pabedi, dzanja la bandeji lili pamwendo. Anandisiya ndiyankhule mpaka mawu anandithera.

"Amayi sindikuwaimba mlandu," anatero. "Sanandionepo. Akanadziwa bwanji?"

Ndinapitiriza kupinda malaya amene anali opinda kale.

"Koma inu, mayi, mumandiona tsiku lililonse. Ndinakuuzani tsiku loyamba lomwe."

Ndinatsegula pakamwa kuti ndinene za misoko, za kutchalitchi, zoti wina aliyense akanaganiza chimodzimodzi. Palibe chinatuluka. Ndinati ndiyankha mawa, mtima ukakhala pansi, ndipeze mawu abwino. Mawa lake kunali kuthamangira mankhwala, kenaka Blantyre, kenaka zina. Iwo sanafunsenso, ndipo ine ndinapezerapo mwayi.

Anakhala nafe zaka zina zitatu. Sitiroko yaikulu itabwera inayamba kuwalanda mawu, ndipo miyezi yomaliza amene ankawamwetsa phala masana, ine ndili ku ofesi, anali amayi. Kupepesa ndinapepesa, koma mochedwa, nditagwada pambali pa bedi, iwo asakuthanso kuyankha. Ndinanena zonse, za chikwama, za pansi pa mango, za tomato. Ndili pakati pa mawu, katani ya pawindo inagwedezeka, maso awo n'kupita komweko, ndipo sindidzadziwa ngati anamva.